Mmene mungalowere mu derby ya Newcastle ndi Sunderland osadzichititsa manyazi

Chiyambireni Newcastle kupeza ndalama za ku Saudi Arabia mu 2021 masapota atsopano achuluka heavy, nde Sunderland itabwereranso mu Premier League mu 2025 ena mwa iwo amadabwa kuti kodi bwanji anthu akulusa chonchi ndi katimu kongokwera kumene. Abale anga, ngati mukuona choncho ndekuti nkhaniyi simunaimve. Derby iyi tebulo la ligi silimagwira ntchito. Chimene chimagwira ntchito ndi kukumbuka, wina akakuponyera chaka iwe umubwezere chaka china, basi. Nde apa ndikuuzani mmene mungaphunzirire zimenezo, kaya mukufuna kusankha mbali kaya mungofuna kumaonera osaoneka mbuli.

Yambani ndi mapu musanayambe za mpira. Mizinda iwiriyi ili kumpoto chakummawa kwa England ndipo yatalikirana makilomita 19 okha, Newcastle ili pa mtsinje wa Tyne pomwe Sunderland ili pa mtsinje wa Wear, nchifukwa chake masewerowa amatchedwa Tyne-Wear derby. Mukamva wina akuti Wear-Tyne derby musamukonze, ameneyo ndi wa Sunderland ndipo wachita dala kuika mtsinje wakwawo patsogolo. Anthu a ku Newcastle amatchedwa ma Geordie, a ku Sunderland ma Mackem, ndipo kulakwitsa kwakukulu kumene mlendo amachita ndi kutchula munthu wa ku Sunderland kuti Geordie poti kayankhulidwe kawo kamamveka kofanana kwa ife akunja. Osayerekeza. Newcastle imavala mizere yakuda ndi yoyera, dzina lawo ndi Magpies, kambalame kakuda ndi koyera kooneka ngati khwangwala, masapota ake amadzitcha Toon Army. Sunderland imavala mizere yofiira ndi yoyera, dzina lawo Black Cats, amphaka akuda. Mphaka ndi mbalame, mwaona kale kuti palibe ubale apa. Komanso wina akakuuzani kuti Middlesbrough nayo ndi ya dera lomwelo nde ndi derby, ingomwetulirani, mbali zonse ziwiri zimagwirizana pa chinthu chimodzi ichi kuti Boro si mdani weniweni.

Kenako dziwani kuti chidanichi ndi chachikulu kuposa mpirawo. Mizinda yonse iwiri inakula ndi malasha ndi kupanga sitima zapamadzi, ndipo kalekale mafumu a England amakondera amalonda a ku Newcastle pa malonda a malasha, a ku Sunderland nkumaona kuti akuponderezedwa. Pa nkhondo yapachiweniweni ya mzaka za mma 1640 Newcastle inali mbali ya mfumu Charles I pomwe Sunderland inali mbali ya nyumba ya malamulo, mpaka mu 1644 asilikali anamenyana pa Boldon Hill pakati pa mizinda iwiriyi. Ine sindikhulupirira kuti sapota amene akukuwa pa sitediyamu lero akuganiza za Charles I ayi, koma kamtima koti Newcastle ndi mzinda wodzimva umene umatenga chilichonse, ndipo Sunderland ndi mzinda wogwira ntchito koma woiwalidwa, kameneko kalipobe mpaka lero. Mukamvetsa kameneka mumvetsa chifukwa chake wa Sunderland akawina amasangalala ngati wabweza ngongole ya agogo ake. Olo bwalo lawo likukamba zomwezi, Stadium of Light inatsegulidwa mu 1997 pamalo pomwe panali mgodi wa malasha umene unatsekedwa mu 1993, panja pake pali chipilala cha nyali ya mu mgodi. Isanamangidwe amasewera ku Roker Park kuyambira 1898.

Tsopano kusankha mbali. Apa ndinene zoona, ine mtima wanga umapendekera kofiira, nde muziwerenga mukudziwa zimenezo, koma ndiyesetsa chilungamo. Ngati mumakonda timu imene yaseweramo mu Champions League, sitediyamu yaikulu pakati penipeni pa tauni, St James' Park yolowa anthu pafupifupi 52,000, tengani Newcastle. Ngati muli ndi mtima wopirira ndipo mumamva kukoma kukhala amene anthu akumuderera, tengani Sunderland. Chimene sichiloledwa ndi chimodzi, kunena kuti ine ndimakonda onse awiri poti ndi a dera limodzi. Komanso mukasankha mwasankha, kulibe zosamuka timu ikatuluka mu ligi, ndipo dziwani kuti matimu onse awiriwa amadziwa kutuluka mu ligi bwino lomwe.

Mukasankha, ntchito yeniyeni ndi kuloweza zida zanu. Tiyambe ndi za ofiira. Sunderland inakhazikitsidwa mu 1879, Newcastle United mu 1892 pomwe matimu awiri a mumzindamo, East End ndi West End, anakhala imodzi, nde mungayambe ndi kunena kuti ife ndife akulu pobadwa. Ligi yaikulu ya England Sunderland inaitenga ka 6, Newcastle ka 4. Koma chida chachikulu ndi cha pa 5 December 1908, Sunderland inapita ku St James' Park nkukathambitsa eni bwalo 9-1, ndipo mpaka lero palibe kugonja kwina mu derby kofika apa. Samalani pochigwiritsa ntchito chifukwa wa Newcastle wodziwa zinthu akuyankhani kuti eya koma season yomweyo ligi tinatenga ndife, ndipo akhala akunena zoona, Newcastle inakhaladi akatswiri mu 1909. Akatero inu thawirani ku 1990, pomwe anakumana mu ma play-off olimbirana kukwera ligi yaikulu. Masewero oyamba ku Roker Park anathera 0-0, achiwiri Sunderland inakawina 2-0 ku St James' Park ndi zigoli za Eric Gates ndi Marco Gabbiadini, masapota ena a Newcastle nkuthamangira mbwalo poganiza kuti mwina masewero athetsedwa, koma oyimbira anangodikira anthu achotsedwe nkumalizitsa mphindi zotsalazo. Chokoma chake ndi ichi, Sunderland inakaluza fainolo 1-0 kwa Swindon Town koma inakwerabe poti Swindon inalangidwa pa nkhani za ndalama. Wa Newcastle amadana nayo nkhani imeneyi koopsa.

Pali ina ya August 1999 imene muyenera kuidziwa bwino chifukwa imaonetsa mmene derby imadyera makochi. Ruud Gullit, kochi wa Newcastle, anali pa mkangano ndi Alan Shearer, mgoletsi wamkulu wa timuyo, nde anamuika pa benchi, iye ndi Duncan Ferguson yemwe, pa derby, pakhomo, mvula ikukhuthuka. Newcastle inatsogola ndi chigoli cha Kieron Dyer koma Niall Quinn anabweza, Kevin Phillips nkumwetsa chachiwiri, 2-1. Patangotha masiku ochepa Gullit anatula pansi udindo, mpando nkupita kwa Bobby Robson. Chaka chotsatira Sunderland inakawinanso 2-1 pa bwalo lomwelo, goloboyi Thomas Sorensen nkugwira penate ya Shearer kumapeto. Nde pamwamba pa zonsezi pali kuwina ka 6 motsatizana kuyambira April 2013 mpaka October 2015, muloweze ma score ake, 3-0, 2-1, 3-0, 1-0, 1-0, 3-0. Yoyambayo ndi ija kochi wa Sunderland Paolo Di Canio anatsetsereka ndi maondo pa kapinga atavala suti, ya April 2015 ndi ija Jermain Defoe anamenya volley ya mwendo wamanzere nkulira misozi. Ndipo chinthu chimene chimandiseketsa mpaka pano, makochi anayi otsatizana, Di Canio, Gus Poyet, Dick Advocaat ndi Sam Allardyce, aliyense anawina derby pa masewero ake achiwiri chilowereni ntchito. Timu inali pa mavuto chaka ndi chaka, kuchotsa kochi, kulemba wina, kumenya Newcastle, kupulumuka, kenako kuyambiranso.

Akuda ndi oyera musadandaule, nkhokwe yanu ndi yodzadza. FA Cup mwaitenga ka 6, katatu mwa iko mzaka zisanu zokha, 1951, 1952 ndi 1955, pomwe Sunderland ili ndi ziwiri, 1937 ndi 1973. Chikho cha ku Europe muli nacho, Fairs Cup ya 1969, anzanuwo alibe. Nde chatsopano kwambiri, March 2025 ku Wembley munamenya Liverpool 2-1 mu fainolo ya League Cup, Dan Burn ndi Alexander Isak akugoletsa, kochi Eddie Howe, chikho choyamba cha mdziko patatha zaka 70. Wa Sunderland akayamba za maligi 6 mufunseni kuti yomaliza inali liti, yankho ndi 1936, ngakhale musakuwe kwambiri poti yanu yomaliza ndi ya 1927.

Mu derby mwenimwenimo tsiku lanu lalikulu ndi 31 October 2010, 5-1 pa St James' Park, Kevin Nolan zigoli zitatu, Shola Ameobi ziwiri. Ameobi ameneyu sanali mgoletsi wa zigoli zambiri pa ntchito yake yonse koma akaona jezi yofiira ndi yoyera amasanduka munthu wina mpaka anamupatsa dzina loti Mackem Slayer, wopha ma Mackem, ndipo izi zikuphunzitseni kuti mu derby munthu amakumbukidwa ndi masana amodzi. Palinso April 2006 pomwe Newcastle inawina 4-1 ku Stadium of Light, Shearer anagoletsa penate imene inakhala chigoli chake chomaliza, cha nambala 206 mu jezi ya Newcastle, kenako anavulala bondo masewero omwewo nkusiya mpira. Season imeneyo Sunderland inatuluka mu ligi ndi mapointi 15 okha. Onjezani friikiki ya Ryan Taylor ya August 2011, 1-0 kwawo komweko, ndi January 2024 mu FA Cup pomwe munakawachapa 3-0, chigoli chodzimwetsa okha ndi ziwiri za Isak. Sabata imeneyo kunachitikanso chinthu chamanyazi, bala ina ya mkati mwa Stadium of Light inakongoletsedwa ndi mawu a Newcastle pokonzekera alendo, masapota a Sunderland anakwiya mpaka timu inapepesa. Ndipo ngati zonse zakanika ingonenani kuti League One, ligi yachitatu ya England. Sunderland inatuluka mu Premier League mu 2017, nkutulukanso mu Championship mu 2018, inakhala ma season anayi mu ligi yachitatu mpaka 2022. Palibe yankho labwino pamenepo, ife timangoti munatulukanso inu mu 2009 ndi 2016, ndipo mu 2009 amene anali kochi pa masewero 8 omaliza ndi Shearer yemweyo, koma tikudziwa kuti sizikufanana.

Langizo langa pa kagwiritsidwe ntchito ka zidazi, osazitaya zonse nthawi imodzi. Sapota watsopano amadziwika ndi kulakatula zaka zonse ngati akuyankha mayeso. Dikirani mnzanu aponye, inu mubweze chimodzi chogwirizana nacho, iye akati 5-1 inu muti 9-1, akati Wembley 2025 inu muti Wembley 1973 pomwe Sunderland ili mu ligi yachiwiri inagonjetsa Leeds United 1-0, Ian Porterfield akugoletsa ndipo goloboyi Jim Montgomery akutchinga mipira iwiri yotsatizana imene anthu amaioneranso mpaka lero. Koma apa pali msampha, kochi wa tsiku limenelo Bob Stokoe, amene chiboliboli chake chili panja pa Stadium of Light, anali osewera wa Newcastle ndipo anatenga nawo FA Cup ya 1955. Nde wina akhoza kukuuzani kuti chikho chanucho anakutengerani ndi munthu wathu.

Zimenezi zikutifikitsa pa anthu owoloka mtsinje, muwadziwe kuti musamayamikire munthu wolakwika pagulu lolakwika. Allardyce anaphunzitsa matimu onse awiri, Steve Bruce nayenso, ndipo Bruce ndi amene anali kochi wa Sunderland tsiku la 5-1 lija, kenako mu 2019 nkukhala kochi wa Newcastle komwe sanakondedwe kwenikweni. Jack Colback anakulira ku Sunderland nkupita ku Newcastle mwaulere mu 2014, ofiira sanamukhululukire. Lee Clark nde anaonjeza, ali osewera wa Sunderland mu 1999 anakaonera fainolo ya FA Cup pakati pa masapota a Newcastle nkujambulidwa atavala tisheti yotukwana ma Mackem, sanaseweretsonso Sunderland. Goloboyi Jordan Pickford olo ali ku Everton akafika ku St James' Park amakuwizidwa masewero onse poti ndi mwana wa Sunderland, ndipo iye amaoneka kuti zimamukomera.

Tsiku la masewero likafika, ngati mukuonera pa TV fufuzani nthawi msanga chifukwa derby imeneyi kawirikawiri imaikidwa masana oyambirira, apolisi safuna anthu akhale ndi tsiku lonse lomwa asanalowe mbwalo. Tsegulani mphindi khumi isanayambe ndipo kwezani voliyumu, phokoso la pomwe matimu akutuluka ndi theka la zimene mwabwerera. Mphindi 15 zoyamba osayembekezera mpira wokongola, muziyang'ana amene akuwina mipira yolimbirana pakati, ndi amene walandira khadi yachikasu msanga poti ameneyo ndi amene angakutayitseni masewero, khadi yofiira mu derby iyi si yachilendo, ya Fabricio Coloccini mu October 2015 inasintha masewero amene Newcastle imasewera bwino mpaka kuthera 3-0. Komanso ngati mumabetcha, ine ndinganene kuti iyi isiyeni, fomu ya masabata apitawo imathera pa geti.

Amene muli ndi mwayi wokafika komweko, matikiti a derby ndi ovuta kwambiri, a mbali ya alendo amapita kwa masapota okhala ndi mapointi ambiri oyendera timu nde mlendo musawerengere. Mukapeza ya mbali ya eni bwalo khalani ngati eni bwalo, osavala mtundu wa adani olo sikafu, ndipo timu ya alendo ikagoletsa nkhope ikhale gwa olo mtima ukuvina, mukasekerera akutulutsani ndipo mwina zisathere pomwepo. Mizinda iwiriyi yalumikizidwa ndi sitima za Metro kuyambira 2002, siteshoni ya St James ili pafupi penipeni ndi bwalo la Newcastle, ku Sunderland mutsikire pa Stadium of Light kapena St Peter's, koma tsiku la derby mverani zimene apolisi alengeza chifukwa amalekanitsa magulu, mu January 2024 masapota 6,000 a Newcastle anachita kuwanyamula pa mabasi okonzedwa, kunalibe zopita wekha. Ku St James' Park alendo amawaika pamwamba penipeni mbali ya Leazes, masitepe ake mumafika mukupuma wefuwefu ndipo osewera amaoneka ngati nyerere.

Zachitetezozi si zongokokomeza. Pa Good Friday ya 1901 anthu anadzadza St James' Park mopyola muyeso mpaka kukhala pa kapinga, masewero analephereka nkubuka chipolowe. Mu season ya 1996-97 masapota a alendo analetsedwa pa masewero onse awiri. Mu April 2013 itatha 3-0 ija kunali zipolowe mtauni ya Newcastle, bambo wina anamenya chibakera hatchi ya apolisi, kanema wake anazungulira dziko lonse ndipo anakalowa kundende. Ofiira amaisekabe nkhani imeneyi, inunso mukhoza kuiseka, koma osatengera.

Nde dziwani polekezera kugemulana. Mpira, zikho, eni timu, Mike Ashley amene anali mwini wa Newcastle kusintha dzina la St James' Park kukhala Sports Direct Arena mu 2011, zonsezo ndi zololedwa. Maliro ndi matenda a anthu ayi. Mu July 2014 masapota awiri a Newcastle anafera mu ndege ya MH17 imene inaomberedwa mumlengalenga mwa Ukraine, anali pa ulendo wopita ku New Zealand kukaonera timu yawo pa masewero okonzekera season, ndipo amene anayambitsa kusonkha ndalama za nkhata za maluwa anali masapota a Sunderland, ndalamazo zinachuluka mpaka zotsala zinapita ku mabungwe othandiza anthu. Ambiri mwa anthuwa amagwira ntchito limodzi, ena ndi apabanja limodzi, bambo wakuda ndi woyera mkazi wofiira, Lolemba amakumananso.

Chomaliza ndi chimene palibe amafuna kuphunzira, kuluza. Mukaluza osazimitsa foni, osatuluka mu gulu la WhatsApp, zimenezo zimangowonjezera moto ndipo akakulowetsaninso kuti amalize. Yankhani kamodzi mwachidule, vomerani kuti tadyedwa, osayamba za oyimbira pokhapokha zikhale zoonekeratu, kenako khalani chete masiku awiri atatu. Mukawina sungani ma screenshot a zonse zimene anzanu analemba masewero asanayambe, koma osazitulutsa zonse usiku womwewo, zina musunge. Pakati pa 1-1 ya March 2016 ndi derby yotsatira ya January 2024 panadutsa zaka pafupifupi 8 matimuwa osakumana, nde nthawi yonseyo anthu amadya za mu foni zomwezo.